Kodi Nyimbo Zopambana Amasankha Ndani? Kuunika Chimbale cha Greatest Hits cha Elton John

Mawu oyamba

Ndidakulira kwa amalume anga, alongo awo a mayi, amene adali mphunzitsi wa kupulayimale. M'nyumba mwawo mudali wayilesi yakaseti ndi kabokosi ka makaseti osakwana 20. Lamulungu lililonse masana, tikabwerako kutchalitchi, amalume ankasita malaya a sabata yonse ndi simbi yamakala uku kaseti imodzi ikulira. Pachikuto pake padali mzungu wovala suti yoyera, chipewa ndi magalasi aakulu, atakhala pafupi ndi piyano. Ntchito yanga idali yotembenuza kasetiyo nyimbo zisanu zikatha, komanso kuibweza ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga. Pomwe ndinkafika Sitandade 8 n'kuti ndikudziwa kuti nyimbo yakuti ikatha ibwera yakuti, ngakhale Chingerezi chake ndinkangotolapo mawu apa ndi apo. Kaseti imeneyo idali Greatest Hits ya Elton John, chimbale chomwe chidatuluka koyamba m'chaka cha 1974.

Chaka chatha ndidakangana ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi kuno kusukulu yaukachenjede. Iye adati nyimbo yotchedwa Bennie and the Jets ili m'chimbale chimenechi. Ine ndidakana kwamtuwagalu, popeza ndidatembenuza kasetiyo zaka zambiri osamvamo nyimbo yoteroyo. Mnzangayo adafufuza pa intaneti nandionetsa chithunzi cha kumbuyo kwa chikuto cha chimbalecho, ndipo nyimboyo idalipodi, yachisanu ndi chiwiri pamndandanda. Ndidasowa chonena. Nditapita kutchuthi ndidatulutsa kaseti ya amalume, ndipo pamalo achisanu ndi chiwiri padali Candle in the Wind monga ndinkadziwira. Tonse awiri tinkanena zoona.

M'chimangirizo chino ndifotokoza mmene chimbale cha mtundu umenewu chimapangidwira, pogwiritsa ntchito chimbale cha Elton John ngati chitsanzo. Mfundo yanga ndi yakuti chimbale chosankha chimatiuza za woyimba, komanso chimatiuza zambiri za amene adasankha, za msika umene ankafuna kugulitsako ndi za nthawi imene ankasankhayo. Nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira chiyankhulo ndi zolembalemba chifukwa alembi ambiri timawadziwa kudzera m'mabuku osankha ndakatulo ndi nkhani zazifupi, amene amapangidwa m'njira yofananayo.

Chiyambi cha zimbale zosankha

M'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, nyimbo zinkagulitsidwa pa mbale zagalamafoni za mitundu iwiri. Padali kambale kakang'ono kokhala ndi nyimbo imodzi kumaso ndi ina kumbuyo, kamene timakatcha singo. Padalinso chimbale chachikulu chotenga mphindi 20 ndi zochepa mbali iliyonse. Kampani inkasankha nyimbo imodzi kapena ziwiri m'chimbale chachikulu n'kuzitulutsa ngati masingo, kenako n'kuzitumiza kunyumba zoulutsira mawu. Sabata iliyonse ankalemba mndandanda woonetsa masingo amene akuyenda malonda. Ku America mndandanda wodziwika kwambiri ndi wa magazini ya Billboard. Nyimbo imene yakwera pamwamba pa mndandanda wotere ndiyo Angerezi amaitcha hit.

Chimbale chimene anthu ambiri amachitenga ngati choyamba kutchedwa Greatest Hits ndi cha Johnny Mathis, chomwe kampani ya Columbia idatulutsa mu 1958. Chidakhala pamndandanda wa Billboard kwa masabata 490, ndiye kuti zaka zopitirira zisanu ndi zinayi. Makampani ena adatengerapo phunziro. Chimbale chotere sichilira ndalama zambiri popeza nyimbo zake ndi zojambula kale, ndipo wogula amakhulupirira kuti sataya ndalama yake chifukwa nyimbozo adazimva kale pawayilesi. N'chifukwa chake zimbale zina zogulidwa kwambiri m'mbiri ya nyimbo ndi zosankha. Their Greatest Hits cha gulu la Eagles chidatuluka mu 1976, Greatest Hits cha gulu la Queen, chomwe chagulidwa kuposa chimbale china chilichonse ku Britain, chidatuluka mu 1981, ndipo Legend cha Bob Marley chidatuluka mu 1984, patapita zaka zitatu mwini wake atamwalira.

Mwini chimbale ndi nyimbo zake khumi

Elton John adabadwa pa 25 Marichi 1947 ku Pinner, pafupi ndi London, ndipo dzina lake lobadwa nalo ndi Reginald Kenneth Dwight. Adayamba piyano ali wamng'ono ndipo ali ndi zaka 11 adapeza mwayi wophunzira ku Royal Academy of Music. Mbiri yake idakula mu Ogasiti 1970 atayimba pamalo otchedwa Troubadour mumzinda wa Los Angeles. Kuchokera mu 1969 mpaka mu 1974 adajambula zimbale zisanu ndi zitatu zamusitudiyo, zokhala ndi nyimbo zopitirira 80 zonse pamodzi. Mwa nyimbo zimenezi, khumi zokha ndizo zidalowa m'chimbale cha Greatest Hits, chomwe chidatuluka mu Novembala 1974, anthu atayamba kuganiza za mphatso za Khirisimasi. Woyimbayo n'kuti ali ndi zaka 27.

Pakaseti ya amalume, mbali yoyamba ili ndi Your Song, Daniel, Honky Cat, Goodbye Yellow Brick Road ndi Saturday Night's Alright for Fighting. Mbali yachiwiri ili ndi Rocket Man, Candle in the Wind, Don't Let the Sun Go Down on Me, Border Song ndi Crocodile Rock. Chimbalechi chidakhala pa nambala 1 kwa masabata 10 ku America ndi masabata 11 ku Britain. Chidagulidwa kuposa chimbale china chilichonse ku America m'chaka cha 1975, ndipo bungwe la makampani ojambula nyimbo m'dzikolo lidatsimikiza kuti makope ake adafika pa 17 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti anthu miyandamiyanda, kuphatikizapo amalume ndi ine, Elton John adamudziwira pa nyimbo khumi zimenezi.

Vuto la dzina

Kuti timvetse chimbalechi, tiyambe tayesa kumasulira dzina lake m'Chichewa. Chingerezi chimaphatikiza -est ku mfotokozi great, ndipo mawu otulukapowo amaima okha ngati nkhani yatha. Chichewa chilibe mphatikira wotere. Tikafuna kuonetsa kuti chinthu chili pamwamba pa zinzake timagwiritsa ntchito aneni monga kuposa kapena kupambana. Aneni amenewa ndi oyambukira, kutanthauza kuti amafuna pamtherankhani. Munthu akati nyimbo iyi ikuposa, womvera amadikira kuti amve kuti ikuposa iti, ndiponso pa chiyani. Ngakhale titati "koposa," timayenera kuyamba tatchula chimene tikuyerekeza.

Choncho womasulira amakakamizika kusankha pakati pa zinthu zitatu: nyimbo zogulidwa koposa, nyimbo zotchuka koposa, ndi nyimbo zokoma koposa. Zitatuzi ndi zosiyana. Kugulidwa kumawerengeka ndi manambala a kusitolo. Kutchuka kumadalira mawayilesi ndi makutu a anthu. Tikati nyimbo yamveka timagwiritsa ntchito mneni wochokera ku kumva, zomwe zikuonetsa kuti ntchito yaikulu ndi ya omvera. Achinyamata akati nyimbo yavuta m'tauni amanenanso za zomwe ikuchita pakati pa anthu. Kukoma kwa nyimbo ndi nkhani ya luso la mpeki ndi woyimba, ndipo anthu awiri akhoza kutsutsanapo mpaka dzuwa kulowa. Dzina la Chingerezi limaphimba kusiyana kumeneku. Wogula amaliwerenga ngati likunena za kukoma pomwe kampani idasankha poyang'ana kwambiri malonda a masingo.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chidandidabwitsa pofufuza. Mwa nyimbo khumi za pakaseti ya amalume, palibe ndi imodzi yomwe imene idali itafika pa nambala 1 ku Britain, kwawo kwa woyimbayo. Rocket Man idathera pa nambala 2. Elton John adafika pa nambala 1 ku Britain koyamba mu 1976 poyimba ndi Kiki Dee, ndipo payekha adafikapo mu 1990 ndi nyimbo ya Sacrifice. Tikati "zopambana" tiyenera kufunsa kuti zidapambana kuti, ndipo yankho la funso limeneli ndilo lidayambitsa mkangano wa m'chipinda mwathu.

Nyimbo yachisanu ndi chiwiri

Chimbalechi chidatulutsidwa ndi makampani awiri. Ku America ndi ku Canada chidatuluka ndi kampani ya MCA, pomwe ku Britain chidatuluka ndi DJM, kampani ya Dick James. Nyimbo zisanu ndi zinayi zidali zofanana, koma pamalo achisanu ndi chiwiri aliyense adaikapo yake.

Nyimbo ziwirizi zidachokera m'chimbale chimodzi, Goodbye Yellow Brick Road cha 1973, momwe zidatsatizana: Candle in the Wind ndi yachiwiri, Bennie and the Jets ndi yachitatu. Kumayambiriro kwa 1974, ku Britain adatulutsa Candle in the Wind ngati singo ndipo idafika pa nambala 11. Bennie and the Jets adangoiika kumbuyo kwa kambaleko. Ku America zinthu zidayenda mwina. Wayilesi ya WJLB ya mumzinda wa Detroit, imene omvera ake ambiri adali anthu akuda, idayamba kuliza Bennie and the Jets ndipo omvera adaikonda. Elton John mwini sankakhulupirira kuti nyimboyi ingayende malonda ngati singo, koma kampani idaitulutsabe. Mu Epulo 1974 idafika pa nambala 1, idalowanso pamndandanda wa nyimbo za soul, ndipo mu 1975 woyimbayo adakaiyimba papulogalamu ya pakanema ya Soul Train.

Pofika Novembala, kampani iliyonse idayang'ana msika wake. Kwa ogula a ku America, Candle in the Wind idali nyimbo wamba ya m'kati mwa chimbale. Kwa ogula a ku Britain, Bennie and the Jets idali nyimbo ya kumbuyo kwa singo. Zotsatira zake ndi zakuti anthu a mbali ziwirizi adalandira zithunzi ziwiri za woyimba mmodzi. Candle in the Wind ndi nyimbo yodekha yolira Marilyn Monroe, katswiri wa mafilimu amene adamwalira mu 1962. Bennie and the Jets ndi nyimbo yoseka za gulu la oyimba longopeka, ili ndi piyano yodumphadumpha ndi phokoso la anthu oombera m'manja limene Gus Dudgeon, wojambula nyimbo zonse za m'chimbalechi, adachita kuwonjezera musitudiyo. Ine ndidakula ndikudziwa Elton John wachisoni ndi wofatsa pang'ono kusiyana ndi amene adamudziwa mwana wa ku Detroit. Chimbalechi chitatulukanso pa CD m'zaka za m'ma 1990, malo adachuluka ndipo nyimbo zonse ziwiri zidalowa. Apa tikuona kuti ngakhale kukula kwa mbale yagalamafoni kudali ndi gawo pa kusankhako.

Zimene zidatsala kunja ndi imene idalowa

Mayi akamapeta mphale, zimene zagwa palichero timazitenga kuti ndi madeya. Maganizo omwewa timakhala nawo pa chimbale chosankha, koma apa amatisocheretsa. Zimbale zitatu zathunthu sizidaperekeko nyimbo ndi imodzi yomwe: Empty Sky cha 1969, Tumbleweed Connection cha 1970 ndi Madman Across the Water cha 1971. Tumbleweed Connection ndi chimbale chimene akatswiri ambiri amachitamanda, chodzaza ndi nkhani za kumidzi ya ku America wakale, koma palibe nyimbo yake imene idatchuka ngati singo ku America kapena ku Britain. Wosankha poyang'ana masingo sakadachiona.

Chitsanzo chachikulu ndi Tiny Dancer, nyimbo yoyamba m'chimbale cha Madman Across the Water. Nyimboyi ndi yaitali mphindi zopitirira zisanu ndi imodzi, ndipo kolasi yake imachedwa kufika. Mawayilesi a nthawi imeneyo ankakonda nyimbo zazifupi. Itatuluka ngati singo ku America mu 1972 idathera pa nambala 41, ndipo ku Britain sidatuluke n'komwe ngati singo panthawiyo. Mu 1974 padalibe chifukwa cha malonda choiikira m'chimbale. Koma m'chaka cha 2000 Cameron Crowe adaigwiritsa ntchito mufilimu ya Almost Famous, pamalo pomwe oyimba amene adakangana akuyamba kuiyimbira limodzi m'basi. Kuchokera pamenepo idakhala imodzi mwa nyimbo zodziwika kwambiri za Elton John. Zimbale zosankha zotuluka pambuyo pake, monga Greatest Hits 1970–2002 ndi Diamonds cha 2017, zidaiika. Nyimboyo sidasinthe ngakhale pang'ono, chidasintha ndi mwayi woti anthu aimve.

Mbali inayi pali Border Song, nyimbo ya 1970 yomveka ngati ya kwaya yakutchalitchi. Ku America idangofika pa nambala 92, kutali kwambiri ndi Tiny Dancer, komabe idalowa m'chimbale. Kuyang'ana manambala okha sikungatithandize apa. Nyimboyi idali yoyamba ya Elton John kulowa pamndandanda wa Billboard, ndipo Aretha Franklin, mfumukazi ya nyimbo za soul, adaiyimbanso m'chaka chomwecho. Maganizo anga ndi akuti osankha adaiona ngati chizindikiro cha pomwe ulendo udayambira komanso ulemu umene woyimba wachinyamata adalandira kwa akuluakulu anzake. Ngati zili choncho, ndiye kuti miyeso idalipo yoposa umodzi, ndipo wogula sadauzidwe kuti nyimbo iti idalowa ndi muyeso uti.

Kasanjidwe ka nyimbo

Mkonzi wa buku la ndakatulo akamaliza kusankha amayenera kuganiza kuti iyambe ndi iti, itsatire iti. Nyimbo za m'chimbalechi sizidasanjidwe potsata zaka. Border Song, yomwe idatuluka ngati singo Your Song isadatuluke, ili pamalo achisanu ndi chinayi. Mbali iliyonse imayamba modekha n'kuthera pa nyimbo yothamanga: yoyamba imatha ndi Saturday Night's Alright for Fighting, yachiwiri ndi Crocodile Rock. Kasanjidwe aka kadapangidwira munthu amene ayenera kudzuka kukatembenuza chimbale. Ndikukumbukira kuti nthawi yotembenuza kaseti inkandipeza nditaimirira kale ndikuvina.

Kusuntha nyimbo kumasinthanso mmene timaimvera. M'chimbale chake choyambirira, Candle in the Wind imabwera pambuyo pa nyimbo yaitali ya mphindi 11 imene imayamba ndi zing'wenyeng'wenye za maliro, motero womvera amafika pa Marilyn Monroe mtima uli kale pa imfa. Pakaseti ya amalume imatsatira Rocket Man, nyimbo ya munthu wopita m'mlengalenga amene ulendowo amangouona ngati ntchito wamba ndipo akusowa banja lake. Nyimbo ziwirizi zikagundizana, chimene chimaonekera ndi kusungulumwa kwa munthu amene dziko lonse likumuyang'ana ali pamwamba. Tanthauzo limeneli lidabadwa chifukwa cha kuyandikana kwa nyimbo ziwiri zochokera m'zimbale zosiyana, ndipo wogula wa ku America sadalilandire. M'kalasi timaphunzira kuti tanthauzo la mawu limadalira mawu oyandikana nawo m'chiganizo. Zomwezo zimachitika ndi ndakatulo m'buku ndi nyimbo m'chimbale.

Nkhope imodzi, apeki awiri

Pachikuto cha chimbalechi pali munthu mmodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Mawu a nyimbo zonse adalemba ndi Bernie Taupin, amene adabadwa mu 1950 n'kukulira kumidzi ya ku Lincolnshire. Awiriwa adadziwana mu 1967 atayankha chilengezo cha kampani ya Liberty Records m'nyuzipepala ya New Musical Express. Dwight ankatha kupeka maimbidwe koma mawu ankamuvuta, ndiye adapatsidwa envelopu ya zolemba za Taupin. Kagwiridwe kawo ka ntchito kadakhala kotero: Taupin amayamba kulemba mawu payekha, Elton John n'kukhala papiyano kuwapezera maimbidwe.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife chifukwa aphunzitsi athu amatichenjeza kawirikawiri kuti woyankhula m'ndakatulo tisamamusokoneze ndi mlakatuli. M'nyimbo ngozi yake ndi yaikulu popeza timamva liwu lenileni la munthu akunena kuti "ine." Honky Cat ndi Goodbye Yellow Brick Road zimakamba za mnyamata wakumudzi amene akulimbana ndi moyo wam'tauni, ndipo m'nyimbo yachiwiriyi akufuna kubwerera kumunda. Saturday Night's Alright for Fighting idachokera pa ndewu za m'malo omwera mowa zimene Taupin adaziona ali mnyamata kwawo. Uwu ndi moyo wa Taupin, osati wa mwana wa ku Pinner wophunzira piyano ku London. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti bambo wa suti yoyera uja adali mlimi wosowa kwawo. Rocket Man nayo ili ndi gwero lake m'zolembalemba, chifukwa Taupin adatengera ganizo lake pa nkhani yaifupi ya Ray Bradbury yopezeka m'buku la The Illustrated Man la 1951. Dzina lakuti Goodbye Yellow Brick Road likuloza ku msewu wa m'nthano ya Oz ya L. Frank Baum. Kuwonjezera pa Taupin padali Davey Johnstone pagitala, Dee Murray pabesi, Nigel Olsson pang'oma ndi Paul Buckmaster amene adakonza zing'wenyeng'wenye za mu Your Song. Chimbale chosankha chimasonkhanitsa ntchito ya anthu onsewa pansi pa nkhope imodzi chifukwa nkhope imodzi ndiyo imagulitsa.

Zimene nthawi idachita

Chimbale cha 1974 chidatsekera mlandu munthu wa zaka 27, koma iye adapitiriza kuyimba mpaka ulendo wake wotsanzika udathera ku Stockholm mu Julaye 2023. Mayi anga akamva dzina la Elton John amatchula Sacrifice ndi Nikita, nyimbo za m'ma 1980. Anzanga a msinkhu wanga amamudziwa chifukwa cha nyimbo za mufilimu ya The Lion King ya 1994, zimene mawu ake adalemba ndi Tim Rice. Palibe ndi imodzi mwa zimenezi imene ili pakaseti ya amalume. N'chifukwa chake padatuluka Greatest Hits Volume II mu 1977 ndi zimbale zina zosankha pambuyo pake, mpaka Diamonds, chomwe chidafika pa nambala 1 ku Britain mu Januwale 2025, patapita zaka zopitirira zisanu ndi ziwiri chitulukireni. Mbadwo uliwonse udapatsidwa mndandanda wake.

Nthawi idasinthanso nyimbo zomwe zidali kale m'chimbale. Diana, mkazi wakale wa Charles amene lero ndi mfumu ya Britain, atamwalira pangozi ya galimoto ku Paris pa 31 Ogasiti 1997, Taupin adalemba mawu atsopano a Candle in the Wind. Elton John adaiyimba pamaliro ku Westminster Abbey pa 6 Sepitembala, ndipo singo yake idagulidwa makope pafupifupi 33 miliyoni padziko lonse. Nyimbo imene kampani ya ku America idaisiya kunja mu 1974 idakhala yogulidwa koposa mwa nyimbo zake zonse. Amalume amati kuchokera chaka chimenecho alendo akamva nyimbo yachisanu ndi chiwiri ya pakaseti yawo ankati ndi nyimbo ya Diana, ngakhale mawu ake adali onena za Marilyn Monroe. Tepi idali yomwe ija, koma omvera adabwera ndi chikumbukiro china.

Mawu omaliza

Patchuthi chomwecho ndidawauza amalume zonse zimene ndidapeza, kenako ndidawaliza Tiny Dancer pafoni. Adamvetsera mpaka kumapeto manja ali pamawondo. Nditawafunsa kuti, "Amalume, kodi simukuona kuti adakumanani nyimbo yabwino?" adaseka nati, "Ndi yabwinodi, mphwanga, koma ndalama ya zimbale zisanu ndi zitatu ndikadaitenga kuti pamalipiro a uphunzitsi? Ndidagula kaseti imodzi ndipo yandisitira malaya zaka zonsezi."

Yankho limeneli lidandibweza pang'ono, chifukwa ndidali nditayamba kuona osankha ngati anthu otibisira zinthu. Popanda kusankha kwawo, nyimbo za mnyamata wa ku Pinner ndi mnzake wa ku Lincolnshire sizikadalowa m'nyumba ya mphunzitsi wa kupulayimale kuno kwathu. Buku losankha nalo limafikitsa alakatuli ambiri kwa wophunzira amene sangakwanitse kugula mabuku awo onse. Vuto limabwera pamene wophunzirayo aiwala kuti padali kusankha, n'kulemba pamayeso kuti mlakatuli wakuti amangolemba za chikondi chifukwa ndakatulo zake ziwiri zimene mkonzi adaika ndi za chikondi. Ine ndidachita chimodzimodzi pamene ndidalumbira kuti ndikumudziwa Elton John nditamva nyimbo khumi mwa zopitirira 80 za zaka zake zisanu ndi chimodzi zoyambirira.

Taona kuti nyimbo zidalowa kapena kutsala m'chimbalechi chifukwa cha malonda a masingo, dziko limene chimbale chinkagulitsidwako, kutalika kwa nyimbo, malo a pa mbale yagalamafoni ndi maganizo a osankha. Choncho tikatsegula chimbale kapena buku lililonse losankha, kuphatikizapo lino limene muli zimangirizo zathu, ndi bwino kufunsa kuti adasankha ndani, liti, ankasankhira yani, ndipo adasiya ziti. Tikatero tipite kulaibulale kukafuna ndakatulo ina ya mlakatuliyo imene mkonzi sadaiike. Ine ndayamba ndi Tumbleweed Connection, ndipo kaseti ija amalume akana kundipatsa mpaka wayilesi yawo itadzawonongeka.